Chithunzi chimodzi, manja ambiri

Cha m'ma 1555, mumzinda wa Antwerp, womwe lero uli m'dziko la Belgium, munasindikizidwa zithunzi 12 zikuluzikulu zoonetsa mapiri, zigwa ndi mitsinje. Zimadziwika kuti ndi za Pieter Bruegel, koma iye sanazipange yekha.

Bruegel, amene anali atangobwerako ku Italy komwe anadutsa mapiri a Alps, ankajambula malowo papepala. Kenako amuna awiri apachibale, Joannes ndi Lucas van Doetecum, ankakopera chojambulacho pamkuwa wophwatalala. Ankaupaka phula, n'kukanda mizere ndi singano, ndipo asidi ankadya mkuwawo pamalo okandidwa pokha. Mizere ina ankaizokota ndi kachitsulo kosongoka. Inki ikalowa m'mizeremo, makina ankapanikiza pepala lonyowa pamkuwapo, chithunzi n'kutuluka chotembenuka ngati pagalasi. Mkuwa umodzi unkatulutsa makope ambirimbiri, ndipo ankawagulitsa ndi Hieronymus Cock, mwini nyumba yosindikizira.

M'munsi mwa zithunzizi mumapezeka mayina a Bruegel ndi Cock, koma a apachibale aja mulibe. Akatswiri anadzawazindikira patapita zaka zambiri poyang'anitsitsa kazokotedwe ka mizere yawo. Choncho dzina lolembedwa pachithunzi silitchula onse amene anachikhetsera thukuta.