Mwapeza kadzidzi wothyoka phiko, muchite chiyani?

Tsiku lina m'mawa ku Area 47 ndinapeza ana atazungulira kadzidzi pafupi ndi mpanda, phiko lina likukhwekhwereka pansi. Anali atamugenda ndi legeni. Wina amati timuphe chifukwa ndi mbalame ya afiti, wina amati timumwetse madzi. Nzeru zonse ziwirizi zikanamupha.

Tiyambe ndi madziwo. Kabowo kopumira ka mbalame kali m'kamwa, kumbuyo kwa lilime. Mukaithira madzi mokakamiza, amalowera pamenepo n'kukafika m'mapapo. Nsima nayonso ayi ndithu. Kadzidzi amameza khoswe wathunthu, ubweya ndi mafupa omwe, kenako amalavula zosagayika zitaumbika ngati kampira. Kashiamu amamupeza m'mafupamo, n'chifukwa chake mwana wa kadzidzi wodyetsedwa mnofu wokhawokha amakula ndi mafupa ofewa.

Ine ndinangomufunditsa thaulo, ndikusamala zikhadabo, poti ndi zimene zimavulaza kuposa mlomo. Ndinamuika m'katoni yoboolaboola n'kutseka. Mumdima mbalame imadekha, pomwe m'khola la waya imadziguguda mpaka kuthyola nthenga.

Kenako ndinathamangira naye ku Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ya m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, kumene amasamalira nyama zakutchire zovulala ndi zamasiye. Changu chonsechi n'cha chiyani? Fupa la mbalame limalumikizana msanga, mwina m'masabata 3 kapena 4, pomwe la munthu limatenga masabata 6 kapena kuposerapo. Mukachedwa, limalumikizana mokhota. Kadzidzi wa phiko lokhota sangagwire khoswe, ndiye kuti afa ndi njala.

Pamalo otere, dokotala wa nyama amawongola fupalo n'kumanga phiko. Ikachira, mbalame imayamba yayeserera kuuluka m'khola lalikulu kuti minofu ilimbe, kenako amaimasula. Ana a mbalame sawanyamulanyamula, chifukwa kamwana kozolowera anthu kamayesa munthu ndi kholo lake, ndipo sikangakhalenso kutchire.

Kadzidzi wa nkhope yoyera, uja amagona m'siling'i, amadya makoswe kapena mbewa 3 kapena 4 usiku umodzi. Mukamugenda, mwathamangitsa mlonda wa matumba anu a chimanga. Ndiye mukadzapeza wina wovulala, musakuwe kapena kumuseweretsa. Tengani thaulo ndi katoni, muitane munthu wamkulu, mupite naye kwa odziwa tsiku lomwelo.