Kilt Yoyamba ya Mwana Wanu: Sankhani Imodzi Yokhalitsa

Amayi anzanga, masiku ano mabanja ambiri ali ndi ana kapena abale ku Scotland, ena pa sukulu, ena pa ntchito. Chibale cha dziko limeneli ndi Malawi nchakale ndithu. David Livingstone anabadwira ku Blantyre wa kumeneko m'chaka cha 1813, amishoni a kumeneko ndiwo anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo mu 2005 maboma awiriwa anasainirana pangano la ubale. Choncho sichachilendo kumva kuti mwana akukwatira ku Glasgow kapena ku Edinburgh, ndi kuti pa tsikulo mkwati, wompelekeza ndi abambo a mbali zonse ziwiri adzavala kilt. Pamenepo ambiri a ife timagwira njakata, pakuti chovalachi nchokwera mtengo, ndipo kuchivala molakwika nkudzichotsa ulemu pamaso pa apongozi.

Kilt ndi chovala cha amuna chofika m'maondo, chosokedwa ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa ya mizere yopingasana imene eni ake amaitcha tartan. Kutsogolo nchosalala, ndipo kumbuyo kuli mapindo ambiri osanjikizana bwino. Aliyense asachiyese siketi wamba, chifukwa chili ndi mbiri yowawa. M'chaka cha 1746, anthu a kumapiri a Scotland atagonja pa nkhondo ya ku Culloden, boma la Britain linaletsa amuna a kumeneko kuvala kilt, kupatula asilikali a mfumu. Lamulolo linachotsedwa mu 1782, ndipo pamene Mfumu George IV inakacheza ku Edinburgh mu 1822 nivala chovalachi, ulemerero wake unabwerera. Munthu wovala kilt pa ukwati wavala chinthu chimene makolo a eni dziko anachilirira, tsono nkoyenera kuchilemekeza.

Langizo lathu lalikulu ndi ili: kilt yoyamba ikhale imodzi yabwino, yoti nkuvalidwa ku phwando ndi ku macheza komwe. Chimene chimasintha pakati pa tsiku laulemu ndi tsiku wamba ndi zovala zina zotsagana nayo. Kilt yeniyeniyo imakhala yomweyo.

Poyamba yang'anani nsalu. Kilt ya mwambo imadya mayadi 8, ndiye kuti mamita opitirira pang'ono 7, ndipo nsalu yambiriyo imathera m'mapindo akumbuyo. Ndiyo imene imagwedezeka mokoma munthu akamayenda kapena kuvina. Ilipo ina ya mayadi 5, yopepuka ndi yotsikirako mtengo, koma mapindo ake ndi osaya. Ogulitsa amatchulanso kulemera kwa nsalu, makamaka maaunsi 13 ndi maaunsi 16. Ya maaunsi 16 imasunga mapindo nthawi yaitali ndipo imateteza ku mphepo ya kumeneko, pamene ya maaunsi 13 imamuyenera munthu wosachedwa kutuluka thukuta. Chenjerani ndi zija zotchipa zimene zimapachikidwa m'masitolo a alendo odzaona malo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nsalu yake ndi yopyapyala, mapindo amafafanizika msanga, ndipo mphepo ikaomba pang'ono chovala chimauluka.

Chachiwiri ndi mtundu wa tartan. Mafuko ambiri a ku Scotland, monga a MacDonald ndi a Campbell, ali ndi tartan yawoyawo, monga momwe ife timadziwirana kuti uyu ndi Phiri, uyo ndi Banda. Palibe lamulo la boma loletsa munthu kuvala ya fuko lina, komabe ulemu ndi kufunsa. Safunsa anadya phula. Ngati mwana wanu akukwatira m'banja lokhala ndi tartan yake, ayambe wamva kwa apongozi ngati angakondwe kuti aivale, ndipo kawirikawiri iwo amachiona chinthu cha ulemu. Wopanda fuko kumeneko asadandaule, chifukwa zilipo zimene aliyense amavala momasuka, monga Black Watch, ya mitundu yobiriwira, yabuluu ndi yakuda, ndi Royal Stewart, yofiira kwambiri. Ya Balmoral yokha aisiye, pakuti ndi ya banja lachifumu. Wofuna kutsimikiza dzina la tartan angathe kuyang'ana m'kaundula wa boma wotchedwa Scottish Register of Tartans, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2008. Kwa woyamba kumene, mtundu wodera ngati Black Watch ndiwo wanzeru, chifukwa umagwirizana ndi jekete yakuda usiku ndiponso juzi wamba masana.

Chachitatu ndi muyeso, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Kilt savalira m'munsi ngati buluku. Imakhala pamwamba, cha pa mchombo. Telala amafuna miyeso itatu: kuzungulira pa mchombo, kuzungulira pa matako pamene pali potakata kwambiri, ndi kutalika kuchokera pamwambapo kufika pa bondo. Mpendero ufike pamwamba kapena pakati pa bondo. Ikatsika kubisa maondo imaoneka ngati yobwereka, ikakwera kwambiri imachititsa manyazi. Munthu asadziyese yekha, chifukwa akawerama muyeso umalakwika, ndipo asagwiritse ntchito nambala ya buluku lake. Kumbukiraninso kuti kilt yosokedwa pamanja imatenga masabata angapo, choncho musadikire kuti ukwati uyandikire.

Pa tsiku laulemu, monga ukwati wa madzulo kapena phwando lokumbukira mlakatuli Robert Burns pa 25 January, mwamuna amavala jekete yaifupi yakuda ya mabatani onyezimira yotchedwa Prince Charlie, malaya oyera ndi kataye kakuda kopingasa pakhosi. Pa mwambo wa masana kapena ku tchalitchi, jekete ya Argyll ndi taye wamba zimakwanira, ndipo woyamba kugula angachite bwino kusankha imeneyi popeza imalowa malo ambiri. Kilt ilibe matumba, nchifukwa chake kutsogolo amapachika kachikwama kotchedwa sporran. Kachikopa kosalala nkamasana, ndipo kaubweya kokhala ndi chitsulo chowala pamwamba nkamadzulo. Masokosi ndi aatali, opindidwa m'munsi mwa bondo, ndipo nsapato za mwambo zili ndi zingwe zazitali zomangidwa pa akakolo. Kampeni kakang'ono kotchedwa sgian-dubh amakalowetsa m'sokosi, chogwirira chokha ndicho chimaoneka. Pa ulendo wa pandege kameneka kasakhale m'chikwama cha m'manja.

Pa tsiku wamba zonsezi zimachepa. Kilt yomweyo aivale ndi juzi kapena malaya wamba, lamba wachikopa, sporran yachikopa ndi nsapato zolimba, monga momwe amachitira otsatira timu ya mpira ya Scotland popita ku bwalo. Chofunika ndi kusasakaniza. Jekete ya Prince Charlie siyendera pamodzi ndi nsapato zothamangira, ndipo sporran yaubweya sapita nayo ku mpira.

Pali tizinthu tina tating'ono timene mayi angakumbutse mwana wake. Mapindo amakhala kumbuyo nthawi zonse, ndipo mphonje za nsalu yakutsogolo zimagwera ku dzanja lamanja. Phini yokongoletsa amaibaya pa nsalu yapamwamba yokha, cha m'munsi. Akaibaya yonse iwiri, nsalu imakokana ndipo pomaliza imang'ambika. Kilt yatsopano imabwera ndi ulusi woyera wogwira mapindo, umenewo auchotse mosamala asanavale. Pokhala pansi, asalaze mapindo ndi manja ngati momwe ife timachitira ndi diresi, ndipo nsalu yakutsogolo aitsitse pakati pa miyendo. Akavula aipachike pa mphepo kuti iume thukuta. Asaiviike m'madzi a sopo pakuti ubweya umafota, koma aipereke kwa ochapa zovala ndi mankhwala, ndipo posunga aiteteze ku njenjete.

Ngati ndalama zavuta, kapena ngati chovalachi chidzavalidwa tsiku limodzi lokha, palibe manyazi kubwereka. M'mizinda ya ku Scotland muli masitolo ambiri obwereketsa kilt pamodzi ndi zonse zotsagana nayo, ndipo eni dziko ambiri amachita chomwecho. Kubwereka kumathandizanso munthu kudziwa kulemera ndi mtundu umene ukumukhala asanataye ndalama zake. Koma ngati mwana wanu wakhazikika kumeneko, ndipo maukwati ndi maphwando adzakhala akumuitana chaka ndi chaka, mulangizeni asunge ndalama mpaka zikwanire kilt ya ubweya weniweni ya mayadi 8. Malamba ake angathe kusunthidwa thupi likasintha, ndipo ikasamalidwa bwino idzafika kwa mdzukulu wanu.