Kusamutsa Nkhokwe ya Makalata a pa Kompyuta

 Nkhani ya lero ikuchokera ku Salima, kumene eni malo ogona alendo ku Senga Bay, alembi a magulu a alimi a mpunga ku Lifuwu, ndiponso ogwira ntchito m'maofesi pa boma amalandira makalata awo pa kompyuta. Funso lathu nali: kodi makalata amenewa amagona pati?

Njira zolandirira makalatawa ziripo ziwiri. Ya IMAP ikufanana ndi munthu amene amawerengera makalata ake ku positi ofesi n'kuwasiya komweko. Kompyuta yake ikafa, makalata amatsala. Ya POP ikufanana ndi mtengamtokoma wotola makalata m'bokosi n'kudzawatula kunyumba, ndipo nthawi zambiri ku positi sikutsala kanthu. Inu a njira yachiwiriyi, tcherani khutu.

Pulogalamu ya Outlook ya mtundu wakale imaunjika makalata oterewa m'fayilo imodzi, imene dzina lake limathera ndi zilembo za pst. Kuyambira pa Outlook 2010, fayiloyi imakhala mu Documents, m'foda yotchedwa Outlook Files, pa gawo C. Vuto lagona pamenepa, pakuti Windows nayo imakhala pa gawo lomweli. Kompyuta ikavuta, mmisiri amafufuta gawo C kuti aikemo Windows yatsopano, ndipo makalata a alendo amene analipiriratu zipinda, kapena a ogula mpunga, amapitira limodzi. Madzi akatayika saoleka. Chinanso, fayiloyi imakula. Ya Outlook 2002 inkalekezera pa magigabayiti 2, koma kuyambira pa Outlook 2010 imatha kufika pa 50, mpaka gawo C kudzaza.

Tsono kusamutsa kwake kuli motere. Choyamba, tsekani Outlook, chifukwa fayilo yotsegula sikopeka bwino. Ngati magetsi akuthimathima, dikirani kufikira batire litadzaza. Chachiwiri, pangani foda yatsopano pa gawo D ndi kukoperamo fayilo ija. Yakaleyo musaifufute ayi, ingoisinthani dzina. Chachitatu, tsegulani Outlook. Idzadandaula kuti fayilo yake sikupezeka, ndipo idzakupatsani mpata woilozera kumalo atsopano. Pomaliza, dzilembereni nokha kalata, muone ngati yafika, ndiponso ngati makalata akale onse alipo. Pakatha sabata zonse zikuyenda bwino, yakale ija mutha kuichotsa.

Amene mumagwiritsa ntchito Thunderbird, makalata anu ali m'foda imene malo ake alembedwa pa Local Directory, mu Server Settings. Tsekani pulogalamuyo, koperani foda yonse, ndipo mukaitsegulanso lozani foda yatsopanoyo pamalo omwewo.

Pali zinthu zitatu zoti musamale nazo. Fayilo yothera ndi zilembo za ost ndi chithunzi chabe cha makalata amene ali ku seva, choncho njira tafotokozayi siikhudza. Kachiwiri, fayilo imene mukugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku musaiike pa fulashi, pakuti ikazulidwa Outlook iri mkati molemba, fayilo imawonongeka. Kachitatu, m'makompyuta ambiri gawo C ndi gawo D ziri pa disiki imodzi, monga zipinda ziwiri za nyumba imodzi. Denga likapsa, zipinda zonse zapsa. Kunyanja kuno, kumene kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi fumbi zimafooketsa makina msanga, koperani fayiloyo pa disiki ina yapadera sabata iriyonse, ndi kuisunga pamalo ouma, kutali ndi kompyutayo.

Ngati mupereka kompyuta kwa mmisiri, mufunseni asanayambe ntchito kuti makalata anu awasunga pati. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje.