Kanalimata ka pamtengo, mlonda wosalipidwa

Kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula ikaleka ndipo thengo lozungulira Ndola likatuwa, pali kanyama kena kamene kamagwirabe ntchito m'minda ya anthu a ku Nkwazi. Ndi kanalimata kakang'ono kamene akatswiri a zamoyo amakatcha Lygodactylus capensis, ndipo kadalembedwa koyamba m'mabuku a sayansi ndi Andrew Smith mu 1849. Kutalika kwake, mchira ndi thupi lomwe, kumangofanana ndi chala cha munthu wamkulu.

Nalimata wa m'nyumba amasaka usiku, koma aka kamasaka masana. Kamakhala pa makungwa a mitengo, pa zitsa ndi pa mizati ya khola. Kunsi kwa zala zake ndi kunsonga kwa mchira kuli timamba tomata, kotero kuti kamayenda chadodolido osagwa. Chakudya chake ndi nyerere, chiswe ndi tizilombo tina ting'onoting'ono. Kamadikira m'mbali mwa njira ya tizilomboti, n'kumatola kamodzikamodzi.

Mlimi wa kuno ku Copperbelt, kumene zulu zina zimatalika kuposa nyumba, amadziwa zimene chiswe chimachita. Chimagwetsa chimanga chisanakololedwe, chimadya nsichi za nkhokwe, ndipo chimaumitsa mbande za mitengo. Kanalimata pakokha sikangathetse chiswe, koma pamodzi ndi achule, mbalame ndi abuluzi ena kamachepetsa khamu la adani a mbewu.

Tsoka lake n'lakuti mdani wake wamkulu ndi munthu yemweyo amene kamamuthandiza. Kakakazi kamaikira mazira awiri a chikamba cholimba m'ming'alu ya makungwa. Moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala umapsereza mazirawo, ndipo nkhwangwa ya wootcha makala imachotsa mtengo umene unali kwawo. Ana nawonso amakagenda, atamva kuti nalimata ali ndi ululu. Zoona n'zakuti alibe ululu ngakhale pang'ono. Akagwidwa amangodula mchira n'kuthawa, ndipo wina umaphukanso.

Choncho pokonza munda chaka chino, lambulani m'malire moto usanafike, ndipo mapesi muwasiye pansi osawatentha. Siyani mitengo ingapo ndi zitsa m'mphepete mwa munda. Mankhwala ophera tizilombo thirani pokhapo pamene pagwa vuto, chifukwa amapha ndi chakudya cha alonda anuwa. Ndipo mwana akatola mwala, muuzeni kuti kanyamako kali pantchito.