VISA YA PA INTANETI: ZOFUNIKA KUDZIWA MUSANAPEREKEZE WODWALA KU INDIA

Masiku ano si cacilendo kumva kuti banja lina la ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi lagulitsa ng'ombe ndi matumba a nshawa kuti litumize wodwala ku cipatala ca ku India. Ambiri amapitira matenda a mtima, a impso ndi khansa. Ndalama zikasonkhedwa, pasipoti ikapezeka, pamatsala cinthu cimodzi cimene cimazunguza mitu ya acibale, ndico visa, cilolezo coloŵera m'dziko la eni.

Popita kukaceza ku Malawi, ku Zimbabwe kapena ku Tanzania, mwana wa Zambia amangoonetsa pasipoti pamalire. Ku India sizitero. Kale munthu anali kupita ku Lusaka, ku ofesi ya Kazembe wa India, nasiya pasipoti yace kumeneko kufikira atamatamo cipepala ca visa. Njira imeneyi ikalipo. Koma mu November 1914 kunalibe amene akadalota zimene boma la India linayamba zaka 100 pambuyo pace, mu November 2014: kupereka visa kudzera pa intaneti. Dziko la Zambia linaloŵetsedwa m'gulu la maiko ololedwa mu 2016, ndipo mu 2017 anakhazikitsa visa yaceyace ya odwala, imene amaicha e-Medical.

KODI VISA IMENEYI IMAKHALA KUTI?

Funso ili amafunsa kwambiri ndi akuluakulu, pakuti anazoloŵera kuona cidindo ndi maso. Visa ya pa intaneti imakhala m'makompyuta a boma la India, yomangidwa ku dzina lanu, tsiku lanu lobadwa ndi nambala ya pasipoti yanu. Pempho likavomerezedwa, amakutumizirani cikalata cochedwa ETA. Cikalataco cisindikizidwe papepala, ndipo muyang'anepo liu lakuti GRANTED, kutanthauza kuti mwaloledwa. Pepala longosonyeza kuti mwalipira kapena kuti pempho lalandiridwa si visa ai.

Ena amati basi, cili m'foni. Foni imatha moto, ndiponso pabwalo la ndeke la Kenneth Kaunda anchito a kampani ya ndeke adzafuna kuona cikalataco musanakwere. Sindikizani mapepala aŵiri, lina likhale ndi wodwala, lina ndi womperekeza. Cidindo ceniceni amaika m'pasipoti mukafika ku India, atakujambulani ndi kutenga zidindo za zala zanu, ndipo ofisala wa pabwalopo ndiye ali ndi mau otsiriza.

CILEMBO CIMODZI

Apa ndipo pagona nkhani. Ambiri a ife sitilemba tokha mafomu ameneŵa. Timapita pa boma, kwa mnyamata wa kompyuta, kapena timatuma mdzukulu wophunzira. Palibe coipa pamenepo, koma mnyamatayo ali ndi anthu ena pamzere, ndipo adzalemba dzina monga walimvera. Munthu amene kumudzi timamucha Tembo, m'pasipoti angakhale ndi maina atatu. Wina amalemba Mbewe, pamene pasipoti ikuti Mbeŵe wopanda kacizindikiro kapena Mbewa. Nambala 0 imafanana ndi cilembo O. Tsiku ndi mwezi wobadwa zimasinthanitsidwa mosavuta.

Kompyuta ilibe cifundo ca mfumu ya pamudzi imene imadziŵa kuti Tisiyenji ndi Tisiye ndi munthu mmodzi. Zolembedwa pa visa zikasiyana ndi za m'pasipoti, wodwala angabwezedwe ali kale pabwalo la ndeke, tikiti italipiridwa, tsiku la opaleshoni litaikidwa. Ndalama zolipirira visa sizibwezedwa, kaya pempho lakanidwa kaya munalakwitsa nokha, ndipo muyenera kuyambanso ndi kulipiranso. Cifukwa cace musacoke pa kompyutapo msanga. Tsegulani pasipoti, wina aŵerenge mokweza cilembo ndi cilembo, wina atsate ndi cala, musanalole kuti fomu itumizidwe. Si mwano kutero.

Cenjeraninso ndi malo onyenga a pa intaneti. Alipo ambiri ooneka ngati a boma, okhala ndi mbendera ya India, amene amalipiritsa ndalama zoposa, ndipo ena sapereka kanthu konse. Malo enieni a boma ndi indianvisaonline.gov.in. Uzani wokulemberaniyo akuonetseni dzina limeneli pamwamba pa kompyuta. Malipiro amaperekedwa pomwepo ndi khadi la ku banki, osati kwa munthu wokulonjezani pa WhatsApp kuti ali ndi mnzace ku ofesi.

ZOYENERA KUKONZA

Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuŵerengera tsiku lofika ku India, ndiponso masamba aŵiri osadindidwa. Pafunika cithunzi catsopano ca nkhope, cojambulidwa kumbuyo kuli koyera, ndi kalata yocokera ku cipatala ca ku India, yolembedwa papepala la cipatalaco, yochula dzina la wodwala. Popanda kalata imeneyi palibe visa ya odwala. Pempho litumizidwe pasanatsale masiku ocepera 4, ngakhale kuti wanzeru sadikira kufikira pamenepo, popeza amalola kupempha kutatsala masiku 120.

Womperekeza sakwera pa visa ya wodwala. Amapempha yace, yochedwa e-Medical Attendant, ndipo amalola anthu aŵiri okha pa wodwala mmodzi. Mwana, ngakhale wakhanda, afunika pasipoti ndi visa yace.

Nanga pasipoti ikasinthidwa visa itatuluka kale? India amalola kuloŵa ndi pasipoti yatsopano, malinga mwanyamula ndi yakale yomwe, imene nambala yace ili pa cikalata. Musaisiye m'sutukesi kumudzi.

MASIKU 60

Pamene inakhazikitsidwa mu 2017, visa ya e-Medical inali kugwira nchito masiku 60 kuyambira tsiku loyamba kuloŵa, ndipo m'masikuwo munthu anali kuloledwa kuloŵa katatu. Kwa wopita kukapimidwa kapena ku opaleshoni yaifupi, nthaŵi imeneyi ikwana. Koma mankhwala a khansa kapena kuika impso yina zimatenga miyezi. Ngati adotolo anena kale kuti mudzakhalitsa, nkwabwino kupita ku ofesi ya Kazembe ku Lusaka kukapempha visa ya odwala ya m'pasipoti, imene imakhala ya nthaŵi yaitali. Ngati matenda akula muli konko, cipatala cikuthandizeni kupempha masiku oonjezera ku ofesi yoona za alendo, yochedwa FRRO, masiku a visa yanu asanathe. Wopitirira masiku popanda cilolezo amalipitsidwa faindi, ndipo satuluka m'dzikomo kufikira nkhani yace itakonzedwa.

Visa ya pa intaneti imalandiridwa pa mabwalo a ndeke osankhidwa, monga Delhi, Mumbai, Chennai, Hyderabad ndi Bengaluru. Onetsetsani kuti tikiti yanu ikutera pa limodzi la mabwalo otere, ndipo mukhale ndi tikiti yobwerera. Kuyambira mu October 2025 kulinso fomu ina ya ofika, e-Arrival Card, yolembedwa pa intaneti m'maola 72 musanafike. Imeneyi siloŵa m'malo mwa visa.

Ulendo wocokera ku Lusaka umadzera ku Addis Ababa, Nairobi, Dubai kapena Doha, kumene mumasintha ndeke. India amaŵerengera Ethiopia ndi Kenya m'gulu la maiko a matenda a yellow fever, ndipo munthu amene afunsidwa khadi lacikasu la katemera nalephera kulionetsa angasungidwe payekha kufikira masiku 6. Katemerayo amayamba kuŵerengedwa patapita masiku 10 cibayireni. Womperekeza abayitse msanga, koma za wodwala funsani adotolo ace poyamba, pakuti katemera ameneyu saperekedwa kwa ena amene thupi lao lafooka ndi matenda kapena ndi mankhwala.