Kuimba kumaphunziridwa, si mphatso chabe

Makolo ambiri a ku Kamwala, Chawama ndi Kanyama akamva kuti mwana akuphunzira nyimbo kusukulu amafunsa kuti, "Nanga kuimba kumafunanso aphunzitsi?" Funsoli sindilinyoza, poti m'makomboni muno nyimbo sizisowa. Loweruka masana makwaya a RCZ, UCZ ndi Katolika amakhala akukonzekera za mawa, ana mumsewu akuimba za Yo Maps osaphonya liwu. Koma ine amene ntchito yanga ndi kuphunzitsa nyimbo ndikuti kuloweza nyimbo n'kwina, kudziwa mmene inamangidwira n'kwinanso, ndipo ntchito ya sukulu ndi yachiwiriyi.

Taimikani ana awiri, wina aziomba m'manja katatu pa nthawi yomwe mnzake akuomba kawiri. Poyamba amasokonezana, wamanthayo n'kungotsatira mnzake. Pakapita kanthawi khutu limagwira kuti manja awo amakumana poyambira pokha, ndipo kuchoka pamenepo mpaka kukumananso pali timagawo 6. Oimba ng'oma kumudzi amazichita izi osazitchula dzina, pamene m'kalasi mwana amaziwerenga, kuzilemba, n'kuzindikira kuti ndi masamu omwe aja amamuzunguza mutu pabolodi. Pano ndichenjeze: sindikuti nyimbo zimasandutsa mwana kukhala wanzeru pa zonse. Mbiri ija inatchuka mu 1993, yoti kumvera Mozart kumawonjezera nzeru, anthu anaikokomeza kuposa zomwe ofufuzawo anapeza. Chomwe ndingaikire umboni n'chakuti mwana amaphunzira kugwira mbali yake uku akumvetsera ya mnzake, luso lomwe ngakhale akuluakulu pamsonkhano limatisowa.

Ena amati zonsezi n'zabwino koma zimafuna ndalama, ndipo chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza moti piyano ilibe ngakhale poiika. Kudzazako n'koona, koma piyano si chiyambi cha nyimbo. Kalembedwe ka d r m f s l t, komwe wotsogolera kwaya aliyense amakadziwa, kanafalitsidwa ndi John Curwen ku England m'zaka za m'ma 1800 makamaka pofuna kuthandiza anthu opanda zida zoimbira. Choko, bolodi, mawu ndi manja zakwana. Ng'oma kapena silimba ikapezeka, ndiye mwayi. Aphunzitsi a nyimbo amasulidwa konkuno ku Evelyn Hone College, ndipo bungwe la Examinations Council of Zambia limalembetsa mayeso a phunziroli. Ena amatinso nyimbo sizidyetsa, koma kodi onse ophunzira masamu amakagwira ntchito kubanki?

Vuto lenileni ndi loti nthawi ya nyimbo ndiyo imayamba kulandidwa mayeso akayandikira. Inu makolo, pamsonkhano wotsatira wa PTA funsani ahedi kuti ola limenelo likupita kuti.