Galaja ikawononga marimu, mwini galimoto atani?

Munthu amasiya galimoto yake kugalaja m'mawa kuti akaichite sevisi kapena kusintha matayala. Madzulo amalipira n'kunyamuka mokondwa. Mawa lake poitsuka ndi pamene amaona kuti rimu imodzi yakalika m'mphepete, mwinanso penti yasupuka pamalo omangira manati. Akabwerera kukadandaula, eni galaja amakanitsitsa kuti galimotoyo inabwera ili chomwecho. Mkangano wotere amapambana ndi amene ali ndi umboni, ndipo umboniwo umasonkhanitsidwa galimoto isanalowe m'galaja komanso isanatulukemo.

Marimu owala omwe ambiri amawakondawa amapangidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi zinthu zina monga silicon. N'ngopepuka ndiponso ooneka bwino, koma ndi ofewa kuyerekeza ndi achitsulo, ndipo pamwamba pake pamakhala penti ndi vanishi zomwe sizichedwa kukalika. Rimu yachitsulo ikagunda dzenje imapindika, ndipo nthawi zambiri amatha kuiwongola, pomwe ya aluminiyamu ikhoza kung'aluka. Vuto lina n'lakuti galimoto zambiri m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu ndi zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, choncho kupeza rimu imodzi yofanana ndi zinzake zitatu si chapafupi.

Kugalaja rimu imawonongeka m'njira zingapo. Yoyamba ndi pochotsa tayala: mlomo wa makina kapena zitsulo zokanulira zikakhudza rimu popanda chotchinga chapulasitiki, zimasiya mzere m'mphepete. Yachiwiri ndi mfuti yampweya yomasulira manati, yomwe soketi yake imakanda m'mabowo. Mfutiyi ikamanga mopitirira muyeso imakoka mabawuti mpaka ena kuthyoka. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimafuna mphamvu yomangira ya pakati pa 100 ndi 120 Nm, ndipo muyeso weniweni umalembedwa m'buku la galimotoyo. Kuti aufike, makaniko amayenera kumaliza ndi sipanala yoyezera. Njira zina ndi kugoneka gudumu chafufumimba pasimenti, kukhomerera tizitsulo tabalansi m'mphepete m'malo momata mkati, ndi kutsuka ndi mankhwala aasidi omwe amadya vanishi.

Chilonda chimanena chomwe chinachipanga. Rimu yomwe inakhula simenti ya m'mbali mwa msewu imakhala yokakala pamalo amodzi, ndipo nthawi zambiri tayala nalo limaonetsa kukhulika m'mbali. Ngati n'zakale, pamalopo pamakhala pakuda ndi fumbi la mabuleki. Chilonda cha makina chimakhala chowala ngati ndalama yatsopano, chimatsata kuzungulira kwa rimu mwadongosolo, kapena chimapezeka mkati mwa mabowo a manati momwe simenti singafike. Akuluakulu amati mlandu suola, koma umboni wamtunduwu umafufutika m'masiku ochepa galimoto ikayenda m'fumbi ndi m'matope.

N'chifukwa chake mwini galimoto ayenera kujambula ndi foni magudumu onse anayi ali otsuka, pabwalo la galaja pomwepo, asanapereke makiyi. Foni imasunga tsiku ndi nthawi yomwe chithunzi chajambulidwa. Apemphenso kuti wolandira galimoto aizungulire naye limodzi ndi kulemba papepala la ntchito zilema zonse zomwe zilipo kale, onse awiri n'kusainira. Magalaja ang'onoang'ono ambiri alibe mapepala otere, komabe kutumiza zithunzizo kwa makaniko pa WhatsApp nthawi yomweyo kumathandiza chimodzimodzi.

Pokatenga galimoto, ayang'ane marimu kukadali kowala asanalipire. Akaona vuto asaichotse pamalopo. Aitane mkulu wa galaja, amuonetse zithunzi zam'mawa, ajambulenso zatsopano, ndipo zomwe agwirizane zilembedwe palisiti. Ngati vuto laoneka atafika kale kunyumba, adziwitse galaja tsiku lomwelo kudzera m'kalata kapena uthenga wapafoni, pofotokoza gudumu lomwe lawonongeka ndi chomwe akufuna kuti chichitike. Kulalata sikuthandiza. Chomwe chimapatsa dandaulo mphamvu ndi mtengo wokonzera wolembedwa ndi katswiri wina wa marimu.

Chipukuta misozi chimatengera kukula kwa vuto. Kukalika kwa pamwamba kumatha ndi kupala n'kupentanso, bola mtundu ufanane ndi marimu enawo. Marimu ena okhala ndi nkhope yonyezimira yosemedwa ndi makina amafuna makina omwewo kuti abwerere mwakale. Koma mng'alu ndi nkhani ya moyo wa anthu. Rimu yong'aluka imatulutsa mpweya pang'onopang'ono ndipo ikhoza kusweka galimoto ikuthamanga, pomwe yopindika imanjenjemeretsa chiwongolero. Ngati mng'alu uli pamiyendo ya rimu kapena pafupi ndi manati, mwini galimoto asalole zowotcherera: afune rimu ina ya kukula ndi mabowo ofanana. Aonetsetsenso kuti manati ayesedwanso galimoto ikayenda makilomita 50 mpaka 100.

Galaja ikakana kumva, malamulo alipo. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003 limapatsa wogula ufulu wolipidwa akawonongeredwa zinthu ndi womugulitsa katundu kapena womugwirira ntchito. Bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe, limalandira madandaulo a ogula, ndipo lamulo latsopano la 2024 linaliwonjezera mphamvu. Bungwe la Consumers Association of Malawi nalonso limayankhulira ogula. Zonsezi zikakanika, nkhani ikhoza kupita kubwalo la majisitireti. Kulikonseko adzafunsa lisiti, zithunzi ndi mauthenga omwe mbali ziwirizi zinatumizirana, kotero wolipira popanda lisiti amadziika yekha pamavuto.

Kuyendera galimoto limodzi kumatetezanso eni magalaja, pakuti alipo makasitomala ena omwe amakhulitsa okha marimu poimika galimoto m'tauni n'kufuna kukankhira mlandu makaniko. Galaja yomwe imalemba zilema polandira galimoto, n'kugwiritsa ntchito masoketi okutidwa ndi pulasitiki ndi sipanala yoyezera, kawirikawiri siikumana ndi mikangano yotere.